Mabowo Anayi pa Lamba wa Abambo Anga

Ndili ndi dipuloma ya zolimbitsa thupi. Ndanena msanga kuti wofuna kuseka asekeretu, chifukwa kumene tikupitaku ine sindiseka. Ili pakhoma kwathu ku Kawale, m'galasi, pakati pa kalendala ya mpingo ndi chithunzi cha ukwati wa makolo anga. Mlendo aliyense akaiwerenga amafunsa funso lomwelomwelo: "Ndiye kusukuluko amakuphunzitsani kuthamanga?" Ndimayankha kuti eya, chaka choyamba mwendo wamanja, chaka chachiwiri wamanzere. Ena amagwedeza mutu n'kunena kuti sukulu za masiku ano n'zovuta.

Ndisanapite ku koleji ndinali kale wonyamula zitsulo. Jimu yathu inali kuseri kwa nyumba ina ku Biwi, pansi pa mtengo wa mango. Zonyamula zake zinali zitini za penti zothiramo simenti, paipi pakati, ndi magiya a lole yomwe inafa ife tisanabadwe. Mbali imodzi inkalemera kuposa inzake, moti tonse a pa jimu imeneyo tinakula mopendekera kumanzere. Ndikulumbira. Mukaona mwamuna wa msinkhu wanga ku Biwi akuyenda ngati minibasi yophwa tayala, mupatseni moni, ndi mnzanga.

Nditapeza malo pa koleji ina mumzinda muno, ndinauza abambo anga kuti ndikaphunzira ntchito yothandiza anthu kusamala matupi awo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayang'ana amayi, ngati akufunsa kuti mwanayu anamugwetsa ndani ali wakhanda.

"Anzako akuphunzira za magetsi, ena za malamulo. Iwe ukalembe mayeso a kudumpha chingwe?"

"Ndi ntchito, adadi. Anthu amalembedwa m'mahotela, ena m'matimu a mpira."

"Chabwino. Koma kuntchito kwanga ndiziti ukuphunzira udokotala."

A pa mzere wathu sananamizike. Iwo anamva kuti apeza ngolo yaulere. Wosamuka nyumba ankandiitana kudzanyamula kabati. Galimoto ikakana kulira, "itanani wa ku koleji uja adzakankhe." Pa maliro bokosi linkandidikira ine. Mayi wina anandituma kunyamula thumba la makala kuchokera kumsika, ndipo titafika anandiuza kuti ndisathokoze, wangondithandiza homuweki.

Muyenera kuwadziwa abambo anga monga analili nthawi imeneyo. Anali kapitawo pa nyumba ina yosungiramo fodya ku Kanengo, komanso mkulu wa mpingo. Ndipo anali ndi mimba. Sindikunena kamimba ayi. Mimba ya abambo anga inkafika kutchalitchi iwo akadali pa siteji ya minibasi, n'kuwasungira malo. Ngati ndikunama mphezi indipeze pomwe ndakhala pano. Makondakitala akaiona ankatsitsa munthu pa mpando wakutsogolo osafunsa. Amayi a mumpingo ankaitcha madalitso, anyamata a pa chiwaya cha tchipisi ankaitcha banki. Abambo anabwera m'tauni muno kuchokera kumudzi kwathu ku Dowa ali oti nthiti mukanawawerenga atavala malaya. Mimba ija anaimanga okha, chaka ndi chaka, ndipo akapita kumudzi anthu ankaiona n'kudziwa kuti mwana wawo sanapitire pachabe m'tauni. Imeneyo ndiyo inali dipuloma yawo.

Kolejiyo sindiinyoza yonse. N'zoona kuti makina othamangirapo analipo amodzi okha, ndipo ankafuna magetsi. Magetsi akazima tinkakwerapo mmodzimmodzi, kungoima, aphunzitsi n'kumatifotokozera mmene tikanatopera. N'zoonanso kuti mabuku anali ochokera kunja: azungu akuthamanga ndi agalu pa chingwe, akudya masamba omwe ndinawafunafuna pa msika wa Kawale mpaka ogulitsa ndiwo anayamba kundibisalira. Koma tinaphunzira. Mafupa onse ndimawadziwa maina, minofu yonse, mmene mtima umapopera magazi, mmene shuga amadyera munthu mwakachetechete ngati chiswe m'denga. Ndipo tsiku lina m'kalasi, aphunzitsi akulemba pa bolodi zizindikiro za shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndinapeza kuti ndikuwerenga abambo anga. Mutu wosatha. Ludzu losatha. Kupita kuseri pafupipafupi. Kusinza pakati pa ulaliki, ngakhale tsiku lomwe olalikira anali iwo omwe.

Ndinawakokera kuchipatala. Adokotala anawayeza, anayang'ana makina, anawayezanso, n'kufunsa kuti tabwera bwanji.

"Pa minibasi," ndinatero.

"Ayi, ndikufunsa kuti abambowa akuyenda bwanji ndi BP yotereyi."

Anawapatsa mankhwala ndi mawu awiri: chepetsani thupi. Anati akapanda kutero, tsiku lina mtsempha wa m'mutu udzaphulika. Pobwerera abambo anagula mang'ina kuti atonthoze mtima.

Chaka chomaliza ku koleji anatiuza kuti aliyense apeze munthu weniweni, amuphunzitse masabata khumi ndi awiri, azilemba zonse m'kope. Anzanga anatenga zibwenzi zawo, wina anatenga landilodi wake kuti amukhaulitse. Ine ndinatenga abambo. Sanavomere chifukwa cha adokotala ayi. Anavomera chifukwa ndinawauza kuti akakana ndilephera mayeso, ndipo anzawo a ku Kanengo adzamva kuti dokotala uja walephera.

"Koma pasakhale wondiona," anatero. "Mkulu wa mpingo sadumphadumpha ngati chule."

Tinayamba ndi kuyenda chabe, m'mamawa anthu asanachuluke. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti mabuku a azungu aja anasiya mutu wina. Ku Kawale munthu wamkulu sayenda popanda kopita. Akayenda mofulumira m'mamawa ndiye kuti kwagwa zovuta. Tsiku loyamba tinaimitsidwa kasanu. "Kwagwanji abambo? Watisiya ndani?" Mayi wina wosesa pakhomo anataya tsache n'kuyamba kulira maliro asanamve n'komwe kuti wamwalira ndani. Mawa lake abambo anavala jekete n'kupanira buku la nyimbo kukhwapa, kuti azioneka ngati akukayendera odwala. Masabata onsewo anayenda chonchi: kumunsi nsapato zothamangira, kumtunda mkulu wa mpingo.

Kunyumba amayi anandithandiza. Tiyi wa abambo ankathiramo shuga mpaka sipuni kuima yokha; tinatsitsa kufika sipuni imodzi. Mafuta m'ndiwo anachepa, masamba anachuluka, ufa woyera tinasiya n'kuyamba mgaiwa. Mang'ina ndi tchipisi ndinaletsa. Abambo ankadya akundiyang'ana ngati mkaidi akuyang'ana msilikali wa ndende, koma ankadya.

Ndipo zinagwira. Apa ndiye pamandiwawa. Zinagwira! Sabata yachitatu thalauza linayamba kutsetsereka, ndinaotcha msomali pa mbaula n'kuboola bowo latsopano pa lamba wawo. Kenaka bowo lachiwiri. Lachitatu. Lachinayi. BP inatsika, mutu unasiya, ulaliki ankaumva mpaka ameni. M'mawa wina anawerama n'kumanga okha zingwe za nsapato, ndipo anaona mapazi awo koyamba patatha zaka zambiri. Anawapatsa moni. Ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa: "Muli bwanji kumeneko?" Tsiku limenelo anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Sukulu yako ija ilipo ndithu." Mawu amenewo ndinawalemba m'kope, ngakhale munalibe mzere wake.

Koma kwathu kuno "mwanenepa" ndi moni waulemu, pamene "mwaonda" ndi chipepeso. Kutchalitchi anthu anayamba kuwagwira chanza abambo nthawi yaitali, ndi manja awiri, akuyankhula motsitsa: "Limbani mtima, akulu ampingo. Mulungu salephera." Amayi a mumpingo anabwera kudzaimba pakhomo, nyimbo zija amaimbira munthu wotsala pang'ono. Mmisiri wina wokhoma mabokosi, yemwe zaka zonsezi sankationa, anayamba kutipatsa moni. Ndinamugwira akuwayeza abambo ndi maso, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, milomo ikuwerenga matabwa.

Nkhani zinali zitatu. Ena ankati ndi matenda aja omwe anthu satchula dzina, amangokweza nsidze. Ena ankati ntchito yatha ku Kanengo, umboni wake mgaiwa: wina anawaona amayi kuchigayo ndi chimanga chosakonola. Koma yachitatu ndiyo inapambana. Anthu anaona kuti abambo akuchepa pamene ine mikono ikukula. Anawerengetsa okha n'kupeza yankho: mwanayo wakhwima, akusamutsa nyama ya bambo ake kuika pa thupi lake. Koleji ija ati si koleji. Ana a pa mzere wathu ankathawa akandiona, atagwira matako awo kuti ndisawatengere.

Nkhaniyi inakwera minibasi mpaka ku Area 25, kwa azakhali anga, mlongo wawo wamkulu wa abambo, amene anawalera makolo awo atamwalira. Anafika Lamlungu masana ndi beseni pamutu. M'menemo munali mang'ina, nkhuku yokazinga, mandasi, ndi botolo la chakumwa chotsekemera moti nyerere zinawatsatira wapansi kuchokera ku Area 25. Abambo anaimirira kuti awalonjere. Azakhali sanayang'ane nkhope. Anayang'ana lamba, mchira wake wotsala ukulendewera mpaka m'thumba. Anakhala pansi pa simenti, mipando ilipo, n'kuyamba kulira.

"Mayo ine! Mlongo wanga watha! Ndinakusiya uli munthu, lero ndakupeza uli ndodo yovala jekete!"

"Achemwali, ndili bwinobwino. Ndi adokotala anandiuza."

"Adokotala? Adokotala ndi amene anakulera? Analipo adokotala pamene tinkagona ndi njala, iwe ukulira, ine ndikukuphikira madeya? Ndinakulera ndi manja angawa kuti mwana wa dzulodzuloyu adzakuphwetse ngati chubu cha njinga?"

Ndinabweretsa kope. Kulakwa kwanga kunali kumeneko: ndinkayesa kuti manambala amatha mlandu.

"Azakhali, taonani. Apa ndi BP ya tsiku loyamba, apa ndi ya dzulo. Yatsika kwambiri."

"Munthu akutha, iwe ukulemba! Ndiye ukalembenso tsiku la maliro? Chotsa chikope chakocho."

Kenaka anatembenukira kwa amayi, ndipo apa mawu anawatsitsa, zomwe zinali zoopsa kuposa kulira kuja.

"Alamu, tiuzeni zoona. Kodi m'nyumba muno moto umayaka? Chifukwa kumudzi akufunsa. Akuti mwamuna tinakupatsani wathunthu, mwatibwezera theka. Ngati kuphika kwakukanikani nenani, ankhoswe alipo."

Amayi anga, amene anaphikira bambo ameneyu chikwatirane osadumphitsa tsiku, anaphimba nkhope ndi chitenje. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka. Abambo anawayang'ana, anayang'ana ine, ndipo ndinaona masabata khumi a thukuta akutuluka pakhomo ngati mlendo wosatsazika. Zoti akudwala matenda aja anapirira. Zoti ntchito yatha anaseka. Zoti mwana wawo ndi mfiti anati zidzatha zokha. Koma kuti mkazi wawo atchedwe wosaphika, iwo ali pomwepo, ayi.

"Basi, mwana wanga," anatero. "Sukulu yako ndaithandiza mokwanira. Amake mwana, tengani mbale."

"Adadi, adokotala anati mtsempha..."

"Ndati basi. Imfa ndi ya Mulungu. Manyazi ndi athu."

Anadya mang'ina onse, azakhali akuwaonjezera msuzi. Ine ndinatuluka, ndinapita ku Biwi, ndinanyamula magiya a lole aja mpaka mtengo wa mango unandimvera chisoni n'kugwetsa zipatso nyengo isanakwane.

Mawa lake ndinapita ndi kope kwa aphunzitsi athu, munthu wophunzira kwambiri, wa kamimba kake nayenso. Ndinawafotokozera zonse, n'kufunsa kuti buku likuti chiyani azakhali akabwera ndi beseni. Anatsegula buku ndithu, Mulungu ndi mboni, n'kuyendetsa chala pa mndandanda wa mitu ngati apezapo azakhali.

"Munthu wako akasiya, lemba kuti wasiya, ndi tsiku lake. Malikisi sachepa."

"Sindikufunsa za malikisi, aphunzitsi. Ndi bambo anga."

"Ndiye lemba kuti analibe chidwi."

Analibe chidwi! Munthu woyenda masabata khumi ndi buku la nyimbo kukhwapa, kumwa tiyi wowawa ngati mankhwala a malungo, analibe chidwi! Zaka ziwiri anatilowezetsa mafupa, mpaka timafupa ta m'khutu tomwe sindinaonepo munthu akutilimbitsa pa jimu. Koma masana amodzi okha oti tikhale pansi tikambirane chochita munthu wako akauzidwa kuti "mwaonda", kapena oti atiuze kuti uziyamba kwa azakhali ndi kwa abusa usanafike kwa mwini mimba, amenewo sanapezeke. Anatiphunzitsa thupi la munthu ngati kuti limakhala lokha m'tchire. Kuno thupi la munthu si lake. Ndi la mkazi wake, la alongo ake, la mpingo, la kumudzi, ngakhale kondakitala ali ndi gawo. Ine ndinapita kukagumula nyumba ya anthu onsewo nditapempha chilolezo kwa mlonda yekha.

Mayeso ndinakhoza bwino. Pa chithunzi cha tsiku lolandira dipuloma mimba inali itabwerera kale, ikuphimba theka la mkanjo wanga. Mabowo anayi aja anasiyidwa limodzilimodzi. Kutchalitchi kunali umboni: amayi a mumpingo anaimirira kuthokoza Mulungu poyankha mapemphero awo, azakhali anavina mpaka kutsogolo. Wamabokosi uja anasiya kutipatsa moni. Mankhwala abambo ankamwa akakumbukira, pakuti munthu wochira amweranji mankhwala? Ine ndinapeza ntchito pa jimu ina ya anthu olemera, kumene munthu amabwera pa galimoto kudzayenda wapansi pa makina. Masana ndinkachepetsa mimba za anthu osawadziwa, ndikaweruka ndinkapeza ya kwathu ikukula.

Chaka chisanathe, Lamlungu lina m'mawa, abambo anawerama kuti amange nsapato ndipo sanaweramuke. Ndinamva amayi akukuwa. Ndinawapeza atagwa pakati pa mpando ndi tebulo, pakamwa patapotokera mbali imodzi, dzanja lamanzere lili lende ngati la munthu wina. Ndinadziwa dzina la nthendayo, ndinadziwa mtsempha wake, ndinadziwa ndi tsamba la buku lomwe. Ndinawabereka kumsana mpaka pa msewu pomwe tinapeza galimoto. Anthu a pa mzere wathu anaima m'makomo kuonerera, ndipo ndinamva wina akuti, "Mwamwayi mwanayo ndi wamphamvu. Sukulu ija yathandiza."

Kuchipatala azakhali anafika akulira kuyambira pa geti. Atatopa anandipeza pakhonde n'kundigwira malaya.

"Iwe, suja unaphunzira za thupi iwe? Zaka ziwiri zathunthu? Unalephera bwanji kuona kuti bambo ako akudwala?"

Ine ndinaleredwa bwino. Chibadwire sindinayankhepo munthu wamkulu mokweza. Ndinanjuta pansi monga mwa mwambo, pa simenti ya chipatala, ndinaomba m'manja, n'kunena motsitsa:

"Ndinaona, azakhali. Ndinalemba ndi m'kope momwe. Inu munabwera ndi beseni."

Amayi ananditsina pamkono, mpaka lero chipsera chilipo, ndingakuonetseni. Azakhali sanandiyankhule miyezi itatu. Inali miyezi yabwino.

Abambo anatuluka m'chipatala osayenda. Ophunzitsa odwala kuyendanso anandionetsa zochita, ndipo chifukwa cha sukulu ija ndinamva msanga. Ndinapita ku Biwi, anzanga opendekera aja anandipatsa mapaipi awiri, tinawazika kuseri kwa nyumba kuti abambo azigwirira. Kuponya phazi loyamba kunatitengera mwezi. Anatukwana, mkulu wa mpingo, mawu omwe sindinkadziwa kuti amawadziwa, ena mwa iwo ndinawamva koyamba. Lero amayenda ndi ndodo. Mwendo unabwerera, mawu anabwerera mopotoka pang'ono. Dzanja lamanzere silinabwerere, ndipo ku Kanengo sanapitenso.

Tsopano timayenda dzuwa likuswa mtengo, pa msewu waukulu, opanda jekete, opanda buku la nyimbo. Palibe wofunsa kuti kwagwanji. Palibe wonena za matenda aja, kapena za mgaiwa, kapena za ufiti. Anthu omwe aja amatikuwira kuti, "Limbikirani abambo, kuyenda ndi mankhwala!" Wina anandilangiza ine, ine wa dipuloma, kuti ndiziwachepetsera shuga mu tiyi. Kawale yonse tsopano yavomereza kuti abambo anga aonde. Chilolezo chinatuluka ndithu. Anachilipira ndi dzanja limodzi.

Dzulo mayi wa tsache uja anatiimitsa, anawayang'ana abambo kuyambira kumutu, n'kunena kuti, "Koma ndiye mwaondatu abambo." Abambo anatsamira ndodo, ndipo ndi pakamwa pawo popotokapo anati, "Zikomo amayi. Tikuyesetsa."

Azakhali amabwerabe. Beseni limathera pa geti. Ndimalilandira ndi manja awiri, ndimathokoza, n'kukagawira anzanga a ku Biwi. M'mawa uliwonse ndimalowa kuchipinda kukawamanga lamba abambo, pakuti ndi dzanja limodzi sizitheka. Ndi lamba yemwe uja. Msomali sindinaotchenso, mabowo anga anayi anali pomwepo, akudikira. Ndimakoka mpaka lachinayi. Iwo amayang'ana kudenga, ine ndimayang'ana pansi.